Mzere Wokana Kufufutika

Kapata, Chipata
11 Juni 2024

Okondedwa akulu anga,

Ndagwira cholembera nthawi yaitali ndithu ndisanapitirire mzere wapamwambawu, chifukwa pambuyo pa "akulu anga" pamafunika dzina, ndipo inu mukudziwa kuti nkhani ya kwathu yonse inagona pa dzina. Ndasiya choncho kaye. Ndine Lenia, mng'ono wanu, uja munamusiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, wokuberani mafuta odzola uja. Ine ndili bwino, kaya inu ndi alamu anga a Ukasha ndi ana kumeneko ku Lusaka? Kuno kwazizira koopsa. M'mawa mapiri sakuoneka ndi nkhungu, ndipo opalasa njinga zonyamula anthu avala masokosi m'manja.

Kalatayi ndapatsira anti Zuhra, azakhali awo a alamu, amene amagulitsa zitenje mumsika wa Kapata. Akuti akwera basi Lachinayi kukaoda katundu. Ndinawapempha nambala yanu yatsopano, iwo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ati, "Mwana iwe, nambala ya munthu si tomato woti ndingokupatsa basera. Lemba kalata, ndikapereka pamanja." Sindinawakwiyire. Ndikudziwa zimene ndinakulemberani pafoni chaka chija amayi anagonekedwa m'chipatala inu osabwera. Ndinati kwa ife Monika anamwalira kalekale. Pakamwa panga mumapadziwa, pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Munachita bwino kusintha nambala. Pepani, akulu anga, mawu amenewo ndakhala ndikuwameza zaka zitatu koma sakutsika. Chimene ndikupempha n'chakuti musang'ambe pepalali musanafike kumapeto.

Mwina simunamve kuti ndinamaliza kosi ya makompyuta, ndipo kuyambira Januwale ndili pantchito ku bungwe la alimi, lomwe lija atate analowa ife tili ana, la mtedza ndi thonje. Mabuku aja akuluakulu a chikuto chakuda anawasiya. Zonse tsopano zili mu detabesi, ndipo woisamalira ndine. Amayi amauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo amaweta makompyuta m'tauni. Sindiwatsutsa, chifukwa n'zoona, nawo amafuna kuwayang'anira tsiku ndi tsiku ngati mbuzi.

Ndikufotokozereni pang'ono, chifukwa nkhani yanga yadutsira momwemo. Taganizani mabuku atatu otsegula pamphasa: la mamembala, la anthu a m'mabanja mwawo, ndi la minda. Ife timawatcha matebulo, ngakhale alibe miyendo. Munthu aliyense ali ndi mzere wake ndi nambala yake, ndipo nambalayo ndi imene imamanga chibale pakati pa matebulowo. Mzere wa mwana umanyamula nambala ya kholo lake, mzere wa munda umanyamula nambala ya mwini wake. Ukafuna kudziwa kanthu umalemba funso, makina n'kuyendera matebulo onse, n'kukubweretsera yankho usanaphethire. Ndi alimi angati a ku Madzimoyo amene adzala thonje chaka chino? Ndani wa ku Chipangali sanalembetse munda? Abwana anga a Emmanuel amafunsa zotere kakhumi patsiku, ndipo nthawi zonse yankho amalifuna dzulo. M'mawa ndikafika ndimayamba ndi kukopera zonse n'kusunga padera, kuopa magetsi athuwa amene masiku ano amangobwera kudzatipatsa moni. Kenako kukonza mayina olembedwa molakwika, kuona yemwe ali ndi chilolezo chongowerenga ndi yemwe angasinthe zinthu, ndi kutsegulira oiwala pasiwedi. Anti Vailet, kalaliki wathu wakale, amaiwala Lolemba lililonse ngati kuti ndi lamulo la mpingo. Makiyi onse ali kwa ine, ndipo wololedwa kufufuta ndine ndekha.

Tsopano ndiulule chinthu choyamba. Ndikatha kusunga zija, ndisanamwe ngakhale tiyi, pali funso limodzi limene palibe anandituma. Ndimauza makina kuti andipatse Monika Mbewe. Ndiye mumatuluka. Atate anakulembetsani m'mabuku aja musanachoke, ndipo pokopera mu kompyuta munalowa nawo. Dzina, mudzi, tsiku lobadwa, mwana wa Alfonsi ndi Ketilina. Pa malo a foni palibe kanthu. Kusukulu anatiphunzitsa kuti malo opanda kanthu mu detabesi satanthauza kuti chinthucho kulibe ayi, amangotanthauza kuti ife sitikuchidziwa. Ndimakhala ndikuyang'ana kamalo kameneko mpaka tiyi kuzizira. Ndakusowani, akulu anga. Ndasowa manja anu ankhanza aja poluka tsitsi, ndasowa kukhala pakaliyala ya njinga inu mukupalasa popita ku Misa, mukundikalipira kuti ndisagwedezeke. Palibe wandikalipira bwino chotero chichokereni inu.

Tsiku lija munabwera ndi alamu kudzanena kuti mwalowa Chisilamu ndipo dzina lanu tsopano ndi Amna, ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndinamva zonse. Atate anati, "Ine ndinanyamula Monika kupita naye ku ubatizo. Dzina linalo silidzatuluka pakamwa panga ndili moyo." Inu munakonza mpango wanu bwinobwino, osalira, n'kuti, "Tsiku limene mudzandiitane ndi dzina langa, atate, ndidzavomera. Kufikira pamenepo phazi langa siliponda pano." Nonse awiri mitu youma ngati mwala wa mphero. Papita zaka khumi ndi chimodzi, ndipo aliyense wasunga lumbiro lake. Kapena ndinene kuti ndi mmene ine ndinkaganizira mpaka sabata yathayi.

Mwezi watha a Emmanuel anandiitana mu ofesi mwawo. Ati, "Lenia, detabesi yathu yadzaza zinyalala. Anthu olembedwa kawiri, anthu omwalira, anthu opanda nambala ya reji. Pofika Lachisanu pa 28 Juni ndikufuna mukhale mwayera. Wolowa m'malo aliyense wopanda reji, mzere wake uchoke." Paja membala aliyense amatchula munthu wodzalowa m'malo mwake, wodzatenga umembala ndi munda wolembetsedwa iye akadzatsikira kuli chete. Bungwe likufuna anthu amenewo akhale enieni, okhala ndi reji, chitupa cha boma chija, osati mayina ongotola.

Lachitatu lapitali ndinalemba funso langa: olowa m'malo onse opanda reji, pamodzi ndi mamembala amene anawatchula. Inatuluka mizere 412. Ndikutsika nayo, ndikuyasamula, mwadzidzidzi maso anga anakakamira pa mzere umodzi. Membala: Alfonsi Mbewe, Chipangali. Wolowa m'malo: Amuna Mbewe. Mwamuna. Ubale: mwana. Tsiku lobadwa palibe, reji palibe.

Mwina inu mwaona kale pamene pagona nkhani ndipo mukundiseka. Sekani, muli ndi ufulu. Ine ndi satifiketi yanga yonse sindinaone. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanayang'anepo wolowa m'malo wa atate, chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti ndine. Nanga akanakhala ndaninso? Ndiye poyamba ndinati ichi n'chinyalala, wina anasokoneza polemba. Ndinalamula makina kuti afufute. Anakana! Ati mzere uwu sungachoke chifukwa pali mzere wina wodalira pa iwo. Makina amenewa ali ndi mwambo wawo, salola kuti uchotse mwini n'kusiya chinthu chake chili chamasiye. Ndinatsata nambala ija mpaka mu tebulo la minda, ndipo ndinaupeza: munda wa kudambo, wa mtedza uja, umene inu ndi ine tinathyokeramo misana. Ndinatsegula mbiri yake, poti makina amasunga yemwe analemba ndi tsiku lake. Analemba ndi anti Vailet, mu Okutobala 2019. Ndipo Okutobala aliyense kuchokera pamenepo, nthawi yolembetsa minda, mwini wake wakhala akubwera kudzatsimikiza kuti asasinthe.

Akulu anga, ndinapsa mtima. Ndinati basi, atate ali ndi mwana wamwamuna kutchire! A Alfonsi Mbewe, mkulu wa mpingo, otsogolera pemphero la korona mwezi wa Meyi, amene anathamangitsa mwana wawo chifukwa cha dzina! Ndinakumbukira mmene ankanenera tili ana kuti Mulungu anawapatsa atsikana awiri okha koma sadandaula, ine n'kumati ndi mawu achikondi. Ndinati, ndiye kusadandaulako kunali kumeneku? Amene amawaperekeza ku chipatala cha maso ndi ine, amene amakwera galimoto ya ku Chipangali mwezi ndi mwezi pafumbi lija ndi ine, koma munda ndi wa munthu wopanda nkhope, wopanda ngakhale dzina lenileni.

Apa ndiye pali chinthu chachiwiri choti ndiulule, ndipo ndi inu nokha amene mukuchimva. Ukasintha zinthu mu detabesi, makina amayamba azigwira kaye m'manja, kudikira kuti utsimikize kapena ubweze. Ndinapita pa mzere wa munda, ndinachotsa nambala ya munthu uja n'kuikapo yanga. Ndinabwerera pa mzere wake n'kulamulanso kuti ufufutike. Ulendo uno unachoka, poti panalibenso chomugwira. Chinatsala ndi kudina batani lotsimikiza basi. Ndikanakonda kukuuzani kuti chikumbumtima chinandigwira dzanja, kapena kuti ndinakumbukira za katekisimu. Bodza. Magetsi anazima. Batire la ku ofesi linafa kale mu Epulo, ndiye zonse zinangoti thii. Atayakanso masana, makina anali atabweza zonse zimene sindinatsimikize. Amuna Mbewe anali pomwepo ndi munda wake, ngati sipanachitike kanthu. Ndikanatha kuchitanso kachiwiri, palibe akanandiona. Koma manyazi anandigwira moti ndinatuluka kukaima panja, pamphepo.

M'mawa mwake ndinakumbukira mwambi wa atate womwe uja ankatitopetsa nawo, wakuti safunsa anadya phula. Munthu wodya ndi mafunso ngati ine, kulephera kufunsa anthu amoyo! Ndinapita pa desiki ya anti Vailet n'kuwaonetsa pepala.

"Anti, uyu ndani?"

Anavala magalasi, n'kuliyika patali pepalalo monga amachitira. "Aa, madala ako aja? Ndikukumbuka bwino. Iwe unali usanabwere. Tsiku limenelo mzere wa anthu unafika kumsewu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, aliyense akufuna athandizidwe azipita. Ndinawafunsa wolowa m'malo, iwo n'kuyankhira pansipansi ngati akulapa machimo, ati amuna. Ndinati, amuna ake a ndani? Ati mwana wanga. Ndinati, inde wamwamuna ndamva, koma dzina? Iwo n'kubwereza chomwecho. Ine n'kulemba. Nanga anthu satchedwa Mavuto, Masiye, Manda? Ndine ndani woti ndikane Amuna?"

"Nanga zaka zinazi?"

"Chaka chilichonse amabwera okha, chipewa m'manja. Ndikafunsa kuti wolowa m'malo ndi yemwe uja, iwo sangogwedeza mutu ngati anzawo ayi. Amatchula dzina lonse. Kenako amafunsa kuti, kodi zafika? Ine ndimati zafika madala, zalowa. Bwanji, pali vuto?"

Ndinati palibe. Koma mkati ndinali kuwira, chifukwa kwa ine zimenezo zinangotsimikiza kuti munthuyo alipodi ndipo atate amamukonda.

Loweruka ndinakwera galimoto ya ku Chipangali mawu nditakonzeratu, ndikuwanola njira yonse. Ndinawapeza pabwalo akuthothola mtedza wa kudambo womwewo, amayi ndi lichero pamiyendo, atate pa kampando kawo kachikopa kaja. Akalamba, akulu anga. Diso lamanzere lachita ng'ala, mtedza amachita kuufufuza ndi zala. Ndinagwada kupereka moni, koma madzi amene amayi anandipatsa ndinangowaika pansi.

"Atate, ndili ndi funso la kuntchito."

"Funsa, mama."

"Mwana wamwamuna amene munakamulembetsa ku ofesi kuti adzatenge munda wa kudambo ndi ndani? Amake ndi ndani?"

Lichero la amayi linagwa, mtedza mbwee pabwalo ponse. "A Mbewe! Akuti chiyani mwanayu? Mwana wamwamuna? Pa ukalamba uno ndimve zimenezi ine?"

Atate anangoti kukamwa yasa. "Wamwamuna uti? Iwe Lenia, m'tauni muja wayamba kumwa?"

Ndinatulutsa pepala m'chikwama n'kuwerenga mokweza, ngati woweruza: "Amuna Mbewe, mwamuna, mwana wa Alfonsi Mbewe."

Nkhuku zinafika n'kuyamba kutola mtedza, palibe woziingitsa. Atate anayang'ana pansi, akupukusa chikhokhombe cha mtedza pakati pa zala mpaka chinasweka. Kenako analankhula, maso ali pansi pomwepo.

"Sindinati amuna ine. Ndinati Amna."

Akulu anga, ndinamva ndi makutu angawa. Amayi anamva. Dzina lanu linatuluka pakamwa pa atate, pabwalo lomwe lija, pafupi ndi nkhokwe yomwe ija. Ine ndinangokhala pansi pafumbi ndi diresi langa la m'tauni. Chilembo chimodzi chokha! Paja ife tikamalankhula mofulumira timati "amna anga", "amna ake", ndiye anti Vailet anamva zimene makutu awo anazolowera, n'kuonjezapo chilembo chimene anayesa kuti nkhalamba yameza. N'chifukwa chake ngakhale tsiku lina ndinayesapo kufunsa makina dzina lanu latsopano, anandiyankha kuti palibe. Makina sadziwa kuganizira munthu, amangofuna chilembo ndi chilembo.

Amayi anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi, uku akuwakwapula atate paphewa ndi nsonga ya chitenje. "Madala ouma mutu inu! Zaka zisanu mukukatchula mwana wanga kwa kalaliki wa m'tauni, ine ndikufa ndi mtima pano, osandiuza?"

"Ndinalumbira pamaso pa anthu," anatero atate. "Pakhomo pano lilime limakana. Kumene kuja kunalibe wondidziwa." Anapuma pang'ono n'kutembenukira kwa ine. "Chaka chija ndinadwala chibayo ndinaganiza kwambiri. Ndinati ndikafa, mwana uja adzabwera pamaliro ngati mlendo, opanda poimika phazi. Munda uja ndi wake kale. Chaka chimene ndinathyoka mwendo anaupalira yekha, ndipo sukulu anaisiya kuti upite ndiwe. Iwe uli ndi sukulu yako, mama. Kodi ndalakwa?"

Ndinati simunalakwe. Koma m'maganizo ndinali kuona chala changa chija chili pa batani. Ndinali nditaiwala, kapena ndinene kuti ndinasankha kuiwala, kuti yunifolomu yanga ya giredi eyiti inali yanu yochepetsa.

Kenako ndinawafunsa chimene inunso mukufunsa panopa. "Nanga osatumiza uthenga bwanji, atate? Anti Zuhra ali pamsika pomwepa."

"Ndinatumiza," anatero, modabwa kuti ndikufunsiranji. "Si mumati makompyuta amalankhulana? Alangizi anatiuza pamsonkhano kuti zimene timalembetsa kuno zimakaoneka mpaka ku Lusaka. Ndiye ndinati, mwana uja ali m'tauni yaikulu, tsiku lina adzatsegula, adzaona kuti atate ake amutchula. Chaka chilichonse ndimafunsa ngati zafika, amandiuza kuti zafika. Ndiye ndinati, waona koma sakufuna. Iwe utayamba ntchito kumeneko ndinafuna kukufunsa, koma manyazi."

Mayo ine! Zimene zimapita ku Lusaka ndimatumiza ndine, kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo ndi manambala okhaokha: alimi angati, mahekitala angati. Dzina la munthu silituluka m'kachipinda kathu kaja, makiyi ake ali m'chikwama mwanga. Zaka zisanu nkhalamba ikuitana mwana wake m'bokosi lotseka, n'kumabwerera kumudzi kukadikira yankho. Nditawafotokozera anangoti, "Oo. Ndiye sanamve." Ndipo nkhope yawo inamasuka, akulu anga, ngati munthu amene amutula mtolo wa nkhuni. Kwa iwo zinali nkhani yabwino kuti simunakane, kungoti simunamve.

Dzulo Lolemba anabwera okha ku ofesi, atavala jekete la ku Misa. Ati akufuna aone ndi diso lawo lotsalalo kuti zakonzedwa. Ndinawakhazika pambali panga. Ndinachotsa chilembo chija, ndinasintha mwamuna kukhala mkazi, ndinalemba tsiku lanu lobadwa. Nditangotero, funso langa losaka anthu olembedwa kawiri linakugwirani: Monika Mbewe ndi Amna Mbewe, mudzi umodzi, tsiku limodzi, kholo limodzi. Lamulo ndi lakuti mizere yotere iphatikizidwe, munthu mmodzi akhale ndi mzere umodzi.

"Ndisiye liti, atate?"

"Lemba Amna, limene iye amavomera," anatero. "Linalo usataye. Ulisunge penapake, ndi limene amake anamuyamwitsa nalo."

Malo a dzina lakale alipo, ndiye ndinaliika pamenepo. Pofika potsimikiza ndinachotsa dzanja langa, chifukwa chala changa sindikuchikhulupiriranso. Ndinawagwira dzanja n'kuwaonetsa batani, iwo n'kudina okha ndi chala chawo chong'aluka ndi dothi la mtedza chija, mwamphamvu ngati akudinda chidindo kwa boma. Anti Vailet anabwera n'kugwada pambali, ati, "Pepani madala, ndinakuberekerani mnyamata popanda chilolezo." Atate anaseka mpaka kutsokomola. Sindikumbukira tsiku lomaliza limene ndinawamva akuseka chotero.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mzere wanu ulibe nambala ya reji. Ikapanda kufika pofika Lachisanu pa 28, ndidzayenera kumasula munda n'kufufuta mzerewo ndi dzanja langali, ndipo ulendo uno magetsi sadzandipulumutsa. Ndinaganiza zokunamizani kuti lamulo likufuna mwini wake abwere yekha ndi reji pamanja. Ndinayambapo kulemba choncho pa pepala lina, ndalitaya. Ndakulakwirani kokwanira. Zoona zake n'zakuti nambala yokha ikukwanira, mungathe kuwapatsira anti Zuhra pa kapepala, kapena kuitumiza pa foni yanga imene ndalemba kuseri kwa tsambali. Makina adzakhuta ndi nambala. Koma atate si makina, ndipo inenso sindine makina. Ngati munda simukuufuna, bwerani mudzaukane nokha pabwalo, tikuoneni pakamwa. Mabasi a ku Chipata amanyamuka m'mawa uliwonse, ine ndidzakudikirani pasiteshoni ndi juzi, chifukwa ndikudziwa kuti mwaiwala kuzizira kwa kwanu.

Amayi akupereka moni wambiri kwa inu, kwa alamu, ndi kwa adzukulu awo Mahomedi ndi Mwayi, amene amangowadziwira pa mayina omva kumsika. Kathumba ka mtedza kamene anti Zuhra akupatseni ndi ka kudambo, anasankha okha njere imodziimodzi. Akuti ndikuuzeni kuti agula mapoto awiri atsopano amene sanaphikiremo kanthu, ndipo nkhuku adzachinja alamu okha, iwo sadzakhudza mpeni. Nkhumba zathu ziwiri zija musade nazo nkhawa. Lamulungu madzulo atate anazipititsa kwa amalume, popanda wowauza, ati zinkawasokosa.

Dzulo ndikuwaperekeza kokwerera galimoto ndinawafunsa mawu oti ndikulembereni. Tinayenda mpaka tinadutsa msika. Kenako anati, "Ndilibe mawu ambiri. Umuuze kuti ndaitana kasanu kwa kalaliki, kamodzi pabwalo, kamodzi ku ofesi kwako. Kwathu kuno mwana akaitanidwa amavomera."

Inenso sindinakuitanenipo. Zaka zonsezi ndimadana ndi lumbiro la atate, koma ndimalisunga bwino kuposa eni ake. Pamwamba paja ndinasiya malo opanda kanthu, ndipo ndakuuzani kale kuti malo otere satanthauza kuti munthu kulibe. Tsopano ndikudziwa choti ndilembepo, ndipo ndawerenga zilembo zake kawiri kuti ndisaonjeze.

Okondedwa akulu anga a Amna, atate akuitana. Vomerani.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Lenia